Madzi a pa Tebulo la Pawindo

Anthu ambiri amaopa mdima. Koma amene anakhalako kumapiri a ku Thyolo angakuuzeni kuti kuli zina zimene sizidikira dzuwa kulowa. Chiperoni chikatsika, nkhungu n'kuphimba minda ya tiyi, masanasana munthu osaona ngakhale mtengo uli patsogolo pake, pamenepo njira zimakhala ndi oyendamo ambiri, ndipo si onse amene amasiya mapazi m'matope.

Kumeneko kuli hotela ina yakale yomangidwa ndi miyala. Dzina lake tisalitchule, anthu akugonamobe. Chaka china kunafika ophunzira awiri ochokera kusukulu ya ntchito za m'mahotela, kudzaphunzira ntchitoyo ndi manja, zimene iwo amati atachimenti. Wina anali Lemani, mnyamata wa ku Ntcheu, wamtali, wokonda kusita malaya mpaka mzere wake kuchita ngati ukucheka. Mnzake anali Ndaziona, mtsikana wa ku Chiradzulu, wamfupi, wapakamwa posatopa.

Asanayambe ntchito onse ankasamba m'manja pampopi wa kuseri kwa khitchini. Ndaziona akasamba sankapukuta. Ankadikira Lemani ayandikire, n'kumuwaza madzi a m'zala kumaso.

"Dzukani a manijala, alendo akudikira!"

"Iwe, malaya awa ndasita ndi makala opempha."

"Mukadzatsegula hotela yanu imene mumalota ija mudzandilembe ntchito yowaza alendo. Ndine katswiri."

Ankakondana ngati munthu ndi mlongo wake. Sabata yoyamba Lemani atagwetsa thireyi ya matambula, Ndaziona ndiye anauza abwana kuti wamugunda ndi iyeyo, n'kulandira mawu onse owawa m'malo mwake. Ichi muchisunge, chifukwa nkhaniyi ikamafika kumapeto simudzafuna kumumvera chisoni mnyamatayo.

Pahotelapo panali mwambo wake. Mlendo akafuna kudya ndi manja, woperekera zakudya ankabwera ndi jagi ya madzi ofunda, beseni, ndi kathaulo pamkono, kumusambitsa asanadye, n'kudzamusambitsanso akamaliza. Woyang'anira chipinda chodyera anali bambo Namakhwa, munthu wa imvi, wosakonda kuyang'ana mnzake m'maso.

Lamulungu lina kunacha ndi chiperoni. Pofika masana magetsi anali oyatsa m'nyumba monse. Lemani anadabwa kuona operekera akale akusowa mmodzimmodzi. Wina anati m'mimba mwamupotokola. Wina anakumbukira kuti kumosungira katundu kukufunika kusesa. Ophika, amene masiku onse ankaimba nyimbo za kwaya, tsikuli anali zii. Ndaziona anali atamutumiza kukayala mabedi kumtunda.

Bambo Namakhwa anayala okha tebulo la pawindo, malo a anthu awiri, kenako anamukodola Lemani.

"Tebulo ili ndi lako lero. Usambitse onse awiri, poyamba ndi pomaliza. Wamva? Poyamba ndi pomaliza."

"Akubwera ndani, bambo?"

"Alendo," anatero, n'kulowa m'khitchini.

Lemani anaima pawindo. M'nkhungumo munatuluka munthu akukwera kanjira kochokera kuchipata. Anali bambo wowonda, wovala jekete lakuda lofwifwa, atanyamula ambulera yaikulu. Koma ambulerayo sanadzifunditse yekha. Anaipendeketsa kumanzere kwake, kumene kunalibe munthu, phewa lake la kumanja likunyowa. Ankayendanso pang'onopang'ono, ngati munthu wodikira mnzake wa miyendo yofooka.

Atalowa anakoka mpando wa pawindo, anadikira pang'ono, anaukankhira mkati mwaulemu, kenako n'kukakhala pa winawo.

"Takulandirani, bambo," anatero Lemani.

"Nkhuku ya lokolo ndi mpunga, mbale ziwiri. Mayiwa safuna tsabola."

Lemani anaganiza kuti ndi munthu wofedwa amene mutu unasokonekera. Kusukulu anawaphunzitsa kuti mlendo akabwera yekha, mbale ndi tambula za pampando winawo uzichotsa, kuti asamangoyang'ana malo opanda munthu. Anatambasula dzanja.

"Zisiyeni."

Anazisiya. Anakatenga jagi ndi beseni, n'kuwerama pafupi ndi bamboyo.

"Achimwene, kusukulu kwanu sanakuphunzitseni kuyamba ndi amayi?"

Mawuwo sanali aukali. Anali ngati a munthu amene ntchitoyo amaidziwa. Lemani anazungulira tebulo, anagwira beseni patsogolo pa mpando wopanda munthuwo, n'kupendeketsa jagi, mumtima akuseka.

Madzi aja sanagwere m'beseni molunjika. Anaima m'malere pamwamba pa besenilo, anagawikana, n'kumadontha uku ndi uku monga amachitira akamadutsa m'mipata ya zala. Kunamveka kaphokoso ka zikhatho zikutikitana. Kenako kathaulo kamene kanali pamkono pake kanakokedwa pang'ono, mofatsa, ndipo katabwerera kanali konyowa.

Mmene anafikira kukhitchini, Lemani sakanatha kukuuzani. Chakudya anakapereka maso ali kudenga. Atabwerera patapita nthawi, mbale zonse ziwiri zinali zoyera, ndipo m'mphepete mwa mbale ya pawindo munali mafupa oyalidwa bwinobwino, oyamwidwa mpaka mafuta a mkati.

Anasambitsa bamboyo. Atatembenukira kumpando wa pawindo, anabwerera m'mbuyo. Pamenepo anabisala m'maphunziro ake. Anadziuza kuti malo opanda munthu sasambitsa, amangochotsa mbale. Anasonkhanitsa mbale, tambula ndi mafupa aja, n'kunyamuka, madzi akadali m'jagi.

"Achimwene," bamboyo anaitana kumbuyo kwake. "Achimwene."

Sanacheuke.

Atasuzumira pakawindo ka chitseko cha kukhitchini, patebulo panalibe munthu. Panja bambo uja ankatsika kanjira kaja, ambulera ili chilili pamwamba pa mutu wake yekha, akuyenda mofulumira. Mpando wa pawindo unali pomwe unali.

"Wasambitsa onse?" anafunsa bambo Namakhwa.

"Eya, bambo."

Zinayamba ndi matambula. Lemani ankapukuta tambula mpaka kuwala, kuiika pashelefu, kutembenuka kutenga ina, pobwerera n'kupeza yoyamba ija ili ndi zidindo za zala zamafuta. Zala zake zinali zazikulu. Izi zinali zing'onozing'ono, zowonda. Kenako zinafika pansalu za patebulo zimene wayala iye. Atamusinthira kuntchito yoyala mabedi, alendo anayamba kudandaula kuti mapilo akununkha msuzi wa nkhuku. Abwana aakulu anamuitana n'kumuuza kuti munthu wauve ntchito ya hotela sangaithe, ndipo zikapitirira amubweza kusukulu.

Jagi ija inayamba kusowa pamalo pake. Anthu ankaifuna m'khitchini monse, n'kukaipeza m'mawa pakhomo pa kachipinda ka Lemani, kunyumba za antchito, itakhala m'beseni lake, yopanda madzi. Akaibweza, mawa lake inali pomwepo. Alonda anati sanaone munthu. Galu wa alondawo, amene kale ankamunyambita Lemani m'manja, tsopano akamuona ankayang'ana kumanzere kwake n'kubwerera chafutambuyo, mchira uli pakati pa miyendo.

Ndipo pamkono wa malaya ake oyera, pamene woperekera amakoleka kathaulo, tsiku lililonse pankapezeka zala zija, ngati wina wamukoka pang'ono kumukumbutsa.

Ndaziona ndiye ankamuchapira malayawo.

"A manijala, mwapeza chibwenzi chokazinga nkhuku? Muzichiuza chizisamba m'manja chisanakugwireni."

Lemani sanaseke. Ndaziona anamuyang'ana, sopo ali m'manja.

"Lemani, wawonda. Ukudwala? Undiuze, ine ndi mnzako."

"Ndi kuzizira kwa kuno basi."

Anayesa kuthana nazo yekha. Madzulo ena anatenga jagi ndi beseni kuseri kwa khitchini, pafupi ndi nkhuni, anawerama n'kunena chapansipansi kuti, "Pepani amayi, sambani." Madzi anagwera m'beseni molunjika, phwaa, osakhudza kanthu. Mlendo wa patebulo sasambira kunkhuni.

Anayesa kuthawa. Loweruka lina analongedza kachikwama, n'kutsikira kumsewu kumene kumaima anyamata a njinga zamoto. Wakabaza wina anayandikira, anamuyang'ana, anayang'ananso pambali pake.

"Awiri sindinyamula, akulu. Matope ake mukuwaona."

"Ndili ndekha."

Wakabazayo anayang'ananso kumanzere kwa Lemani. Nkhope yake inasintha. Anavula chipewa, anati, "Pepani amayi," n'kuliza njinga osayang'ananso m'mbuyo. Lemani anaima pamsewupo nthawi yaitali. Anaganiza za kwawo ku Ntcheu, mayi ake ndi azing'ono ake atazungulira mbale imodzi, wina wosaoneka atakhala nawo pamphasa, manja ali m'mwamba kudikira madzi. Anakwera phiri kubwerera kuhotela.

Anawapeza bambo Namakhwa akupukuta mafoloko, n'kuwauza zonse. Mkuluyo sanakalipe. Anangokhala pansi.

"Ndinati poyamba ndi pomaliza."

"Munati choncho, koma simunandiuze kuti ndikusambitsa ndani. Ndi chifukwa chake nonse munathawa, n'kusiyira ine wobwera?"

Bambo Namakhwa anayang'ana foloko.

"Mayi aja akasambitsidwa tsiku lomwelo amapita bwinobwino. Ambiri anawasambitsapo, ali moyo, ali ndi mabanja. Koma ukawadikiritsa amafuna ulemu wapadera. Chiperoni chikadzabweranso, bambo uja adzabwera kudzawatenga. Amene adzawasambitse tsiku limenelo, ndiye adzawaperekeze ndi ambulera mpaka kuchipata."

"Kuchipata pompa?"

"M'nkhungu chipata chimakhala kutali."

"Alipo anawaperekezapo?"

Mkuluyo anaika foloko mudilowa, anatenga ina, anaipukuta ngakhale inali yopukuta kale.

"Ine ndikuyamba ntchito pano, tebulo lija tinkayala malo amodzi. Mpando unkangosuntha wokha. Bambo wa ambulera uja dzina lake ndi Fulaye. Ndiye anandiphunzitsa kunyamula thireyi."

Kuyambira tsiku limenelo Lemani ankadzuka n'kuyamba wayang'ana kuphiri. Kukacha bwino ankapuma. Kukaoneka kamtambo, chakudya chinkamukanika. Ndipo m'masiku amenewo mawu amodzi a bambo Namakhwa anamera mizu mumtima mwake. Sanati iwe ndiwe udzawasambitse. Anati amene adzawasambitse.

Munthu sachimwa tsiku limene wachita choipa. Amachimwa masiku aja amene akuchitembenuza mumtima, osachitaya.

Chiperoni chinabwera pakati pa sabata. Operekera akale anasowanso. Lemani anafika kuntchito dzanja lamanja atalikulunga ndi nsalu yoyera, n'kumupeza Ndaziona pampopi.

"Ndapsa ndi simbi," anatero. "Jagi sindingaigwire. Unditengereko tebulo la pawindo."

"Mwaona kusita kwanu kuja? Taonetsa."

"Ayi, n'zonyansa. Tamvera, kukubwera mkulu wina, mkazi wake anamwalira, mutu sukuyenda bwino. Amaona ngati ali naye. Uyambe kusambitsa pampando wopanda munthuwo, umusangalatse chabe. Akafuna kuti umuperekeze kuchipata, umuperekeze."

"Mayo, chisoni," anatero Ndaziona. "Anthu ena amakonda mpaka kumanda. Inu a manijala mungathe?"

Anamuwaza madzi kumaso, n'kunyamula jagi.

Bambo Namakhwa anali ataima pakhomo la khitchini. Anayang'ana nsalu ya padzanja la Lemani, anayang'ana mtsikanayo akudutsa ndi beseni. Kenako anapita kukasesa kumosungira katundu.

Lemani anaonera zonse pakawindo ka chitseko. Fulaye analowa, ambulera ili yopinda, koma sanakoke mpando wa pawindo. Anangouweramira pang'ono, monga uchitira kwa munthu amene wakhala kale. Sanaitanitse chakudya. Ndipo nthawi yomweyo Lemani anamva kumanzere kwake kwapepuka, ngati munthu amene anamutsamira masiku onsewa wasuntha.

Ndaziona anagwada mwaulemu pafupi ndi mpando wopanda munthuwo, akumwetulira, n'kuthira madzi. Kumwetulirako kunazima. Koma mtsikanayo anali wophunzira bwino, ndipo mlendo sumusiya sopo ali m'manja. Anathirabe. Kusambako kunatenga nthawi, chala chimodzichimodzi, mpaka jagi inatha. Kathaulo kanatsetsereka pamkono pake, kanapindika m'malere, n'kubwerera.

Anabwera kukhitchini atanyamula beseni. Pamwamba pa madziwo pankayandama mafuta achikasu, onunkha ngati chakudya chogona masiku.

"Lemani, pampando paja pali munthu."

Lemani anayang'ana pansi.

"Wandigwira dzanja. Zala zake n'zozizira ngati mwala wa mumtsinje. Bambowo akuti ndiwaperekeze." Anaika beseni pansi n'kumugwira malaya. "Ndikuopa. Tiye tonse, chonde. Ungoyenda pambali panga."

Apa panali pomwe akanamasula nsalu ija. Dzanja linali labwinobwino mkatimo, lopanda ngakhale kachilonda. Akanati, khala, ngongoleyi ndi yanga... ayi, akanangoti, khala, alendowa ndi anga.

"Pita," anatero. "Ndi pachipata pompa. Ndikuyang'ana pawindo."

Ndaziona anamuyang'ana kanthawi. Kenako anakonza kolala ya bulauzi yake, anapukuta manja, n'kutuluka.

Pakhonde Fulaye anamupatsa ambulera. Lemani anaona bamboyo akuwongola msana, ngati munthu amene watula katundu wa zaka zambiri. Mtsikanayo anaitambasula, anaipendeketsa kumanzere, n'kuyamba kutsika kanjira kaja pang'onopang'ono. Kamodzi kokha anacheukira kuwindo. Nkhungu inayamba yameza Fulaye, kenako bulauzi yoyera ija, pomalizira ambulera.

Mlonda wa pachipata analumbira kuti tsiku limenelo sipanadutse munthu.

Anthu anamufuna Ndaziona m'minda ya tiyi, m'zigwa, m'mitsinje. Apolisi anabwera. Mayi ake anachokera ku Chiradzulu, anakhala pakhonde la hotela chitenje chili kumaso, n'kumufunsa Lemani, "Mwanangu, iwe unali mnzake. Sananene kanthu?" Lemani anati sananene kanthu. Matambula ake tsopano ankawala. Malaya ake anali oyera mbee. Abwana aakulu anamuyamikira kuti wasintha, ndipo atachimenti itatha anamupatsa ntchito pahotela pomwepo.

Anaivomera. Kwawo kunali kutamuitana, ndipo mahotela a m'tauni anali abwino kuposa iyi, koma sanathe kuchoka. Ankadzuka n'kuyang'ana kuphiri.

Nyengo yozizira itabweranso, kunacha ndi chiperoni. Kunali kutafika ophunzira ena atsopano, ndipo Lemani anaona bambo Namakhwa akukodola mmodzi wa iwo. Anapita n'kuima pakati pawo.

"Tebulo limenelo ndi langa, bambo. Lero ndi masiku onse."

Mkuluyo sanatsutse. Anangomupatsa mbale, mafoloko ndi matambula. Lemani ataziyang'ana anaona kuti si za anthu awiri.

Anayala malo atatu, n'kuima pawindo.

M'nkhungumo munatuluka ambulera yaikulu ija, yopendekera kumanzere. Woinyamula anali wamfupi. Bulauzi yake inali itasanduka yachikasu, phewa la kumanja lonyowa, nkhope yowonda ngati ya munthu amene wayenda ulendo wautali osapuma. Ankayenda pang'onopang'ono, n'kumaima kudikira.

Analowa. Anakoka mpando wa pawindo, anadikira, anaukankhira mkati. Anakokanso wachiwiri. Kenako anakhala pa wachitatu, manja ali pamiyendo.

"Ndaziona," Lemani ananong'ona. "Ndaziona, ndine."

Maso ake anamudutsa ngati akuyang'ana khoma.

"Nkhuku ya lokolo ndi mpunga, mbale zitatu. Mayiwa safuna tsabola."

Lemani anakatenga jagi ndi beseni. Anayamba ndi pawindo, madzi anagawikana pa zala zing'onozing'ono. Pampando wachiwiri anagawikana pa zikhatho zazikulu. Atafika pa wachitatu anagwada, maondo onse awiri pansi, zimene kusukulu sanamuphunzitse. Manja aja anatambasuka pamwamba pa beseni, manja omwe aja amene ankamuchapira malaya. Anathira madzi, misozi yake ikugwera momwemo.

"Pepa," anatero. "Dzanja lija silinapse."

Anapereka kathaulo, koma mlendoyo sanakalandire. Anakweza manja onyowawo pang'onopang'ono, osamwetulira, n'kumuwaza madzi kumaso. Madziwo anali atachoka m'jagi ali ofunda. Pomufika anali ozizira ngati a pansi pa chitsime.

"Poyamba ndi pomaliza, a manijala," anatero Ndaziona. "Ambulerayi ikulemera."